Zala za Mzime, Dzina la Akalaliki

"Ndiye milungu inayi yonseyi mwakhala mukundipusitsa m'nyumba mwanga momwe?"

Bambo anafunsa ali chiimire pakhomo, utuchi udakali m'tsitsi, pensulo yawo yaukalipentala ili pakhutu. Sanakweze mawu. Akakalipa mokuwa, ana ankadziwa kuti ndi mvula yongowaza, koma akayankhula motsitsa chonchi ndiye kuti zinthu zafika pena.

Mzime, mwana wawo womaliza, wamkazi, anabisa manja pansi pa tebulo ngati kuti manjawo ndiwo aba. Mchimwene wake, amene pakhomopo ankamutcha Akalaliki chifukwa bambo anamusankhira ntchito ya mu ofesi asanamere n'komwe ndevu, anali kuwerenga malata kudenga. Mayi anapitiriza kupinda zovala zomwe anali atazipinda kale.

"Ndikufunsa anthu kapena mipando? Lero kushopu kwabwera mayi wina, akuti ndi mphunzitsi wa kusukulu yotayipa ija. Akufuna ndimukhomere timabokosi tophimbira manja. Pocheza akuti, 'Akalipentala, mwana wanu wamkazi uja ali ndi zala zabwino.' Ine kuti, wamkazi uti? Ine ndinalembetsa wamwamuna. Mayiyo n'kumandiyang'ana ngati ndalawa kale m'mawa uno."

"Achimwene anapita masiku atatu okha, bambo," anatero Mzime. "Lachinayi anati mutu. Lachisanu anati mpando wake ndi wouma. Ndinaona kuti malo angowonongeka, ndiye ndinayamba kupita ine."

"Unaona. Ndiwe woona zinthu m'nyumba muno tsopano." Bambo anatembenukira kwa mnyamata uja. "Nanga iwe, m'mawa uliwonse umatuluka muno utapisira malaya, umalowera kuti?"

"Kusiteji."

"Kukatani kusiteji?"

"Kuli anzanga oyendetsa galimoto, akundiphunzitsa pang'onopang'ono. Ine bambo zokhala pampando tsiku lonse n'kumagogoda mabatani sindingathe. Ndinakuuzani kale."

"Unadya thako la galu iwe, ndikudziwa. Koma amalume ako anandiuza pamaso panga kuti ku ofesi kwawo kukufunika kalaliki mwezi wamawa. Akuti ingobweretsani pepala losonyeza kuti mwana amatayipa, zinazo ndithana nazo ndine. Iwe ukuthamangira galimoto za eni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo."

Mzime anadziwa kuti akapanda kuyankhula tsopano, sadzayankhulanso.

"Pepalalo ndikhoza kubweretsa ine, bambo. Aphunzitsi akuti ndikuposa onse m'kalasi. Amalume akufuna munthu wotayipa, ndiye wotayipayo ndine."

Bambo anaseka kuseka kopanda mano, kuja kumene munthu amaseka mwana akanena kuti adzagula ndege.

"Iwe ubweretse pepala, ulowe ntchito, chaka chamawa abwere mnyamata wa nsapato zosongoka akutenge iwe ndi ntchito yako yomwe. Ine nditsala ndi chiyani? Uyu ndiye adzatisunge ine ndi mayi ako. Ngakhale iwe amene, banja likadzakuvuta, udzafikira pakhomo pa iyeyu." Anachotsa pensulo pakhutu n'kumuloza nayo. "Kusukuluko upitiriza. Umalize milungu iwiri yatsalayi, ulembe mayeso. M'kaundula muli dzina la mchimwene wako, ndipo likhala momwemo."

"Ndiye kuti ndilime ine, akolole achimwene?"

"Chibale ndi fupa, sichiwola. Akadya iye, wadya iwe."

"Bambo, inu mutapala chitseko mlungu wonse, wina n'kubwera kudzanena kuti wapanga ndi iye, mungamve bwanji?"

Mayi anasiya kupinda zovala. Bambo anakoka mpando n'kukhala pansi, ndipo kwa kanthawi anaoneka otopa osati okwiya.

"Pita kusitolo yaikulu ya mipando ija, ukagwade, ukayang'ane kunsi kwa tebulo lililonse. Ukapeza chidindo cha sitolo. Matebulo amenewo anapala ndani? Zaka makumi awiri ndikupala, dzina langa silinalembedwepo ngakhale pa mwendo wa mpando. Kodi ndafa? Mukudya, si choncho? Dziko ndi mmene lilili, mwana iwe."

Apa ndiye pamene pamapweteka. Munthu amene anaberedwa thukuta lake ndiye anayenera kukhala woyamba kumuzindikira wakuba akamalowa pakhomo. Koma ayi, ambiri amangoloweza kabedwe kake n'kupita nako kunyumba kukayesera pa mwana wawo.

"Zatha, zatha," anatero mayi. "Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Nkhani imeneyi isatuluke pakhomo pano."

Mzime anawayang'ana. Anali mayi omwewa amene milungu yonseyi ankamusitira bulauzi m'mawa uliwonse akudziwa bwino lomwe kumene akupita. Tsopano maso awo anali pa zovala.

Sukulu yotayipa inali chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ya utoto. Munali makompyuta asanu ndi imodzi, ophunzira khumi ndi awiri, kotero ankakhala mosinthana. Pamwamba pa kiyibodi iliyonse panali kabokosi kotsegula kutsogolo kokha. Wophunzira ankalowetsa manja mmenemo, mabatani osawaona, n'kuyamba kupapasa tizitupa tiwiri ta pa F ndi J kuti zala zamkombaphala zikhale pamalo pake. Zala zina zonse zinkandanda pamzere wapakatiwo, chilichonse pa batani lake.

Aphunzitsi anali mayi wachikulire, wochepa thupi, wa zala zopindika ndi nyamakazi. Ophunzira ankawatcha a Masokutsogolo, chifukwa mawu amenewa ndiwo ankatuluka m'kamwa mwawo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Wina akangoweramitsa mutu kuti asuzumire m'kabokosi, rula inkagwa pa tebulo.

"Maso kutsogolo. Chala chilichonse chili ndi kwawo, chikayenda chizibwerera chokha. Kodi ukamadya umayang'ana pakamwa?"

Anali ndi lamulo linanso: tsamba lililonse liyambe ndi dzina la mwini wake. Tsiku limene Mzime anafika koyamba anafunsa kuti alembe dzina liti, popeza malowo anali a mchimwene wake. Aphunzitsi anangoti, "Manja ali m'bokosimo ndi a ndani?" Kuyambira pamenepo ankalemba lake, kakhumi kapena kuposa pa tsiku, mpaka dzinalo linkatuluka lokha asanaliganize n'komwe.

Tsiku lotsatira mkangano uja, anzake ataweruka, Mzime anatsalira nawafotokozera zonse.

"Pakamwa panga ndi pamene pakugwetsa m'mavuto," anatero aphunzitsi. "Ine ndimayesa bambo ako akudziwa. Ndimati ndiwasangalatse."

"Simungasinthe dzina m'kaundula?"

"Kaundula amasunga ndi mwini sukulu. Ndiyankhula naye."

Anayankhula nayedi. Patapita masiku awiri anamuitanira pambali, ndipo Mzime anaona yankho pankhope pawo asanatsegule pakamwa.

"Bambo ako anafika kale kwa mwini sukulu. Akuti wolipira ndi iwo, ndiye dzina ndi limene analembetsa iwo. Mwini sukulu akuti iye sasamala kuti pampando panakhala ndani, bola pampandopo panali munthu."

"Inu mukudziwa kuti achimwene sadziwa n'komwe pamene pali A."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mungokhala chete?"

Aphunzitsi anatambasula manja awo pa tebulo. Mfundo za zala zinali zotupa, ndipo kachala kakang'ono ka dzanja lamanja kanapindikira kunja.

"Taziona izi. Ndatayipa m'maofesi zaka makumi atatu. Makalata ena abwana ankangoti, 'Uwayankhe anthu awa,' ine n'kuganiza mawu onse ndekha, iwo n'kusayina osawerenga. Palibe kalata n'imodzi yomwe inatuluka ndi dzina langa. Lero ndikatsutsana ndi mwini sukulu, Lolemba pano pakhala wina. Zala izi ndani angazilembenso ntchito?"

"Bola ndingosiya."

"Usasiye. Pepala angakulande, koma chimene chalowa m'zala sangachitulutse."

Mawuwo anali okoma, ndipo aphunzitsi ankanena zoona. Koma Mzime anali atayendapo kale m'maofesi kufunafuna ntchito atamaliza sukulu, ndipo ankadziwa kuti mlonda wa pageti sapempha kuona zala, amapempha envulopu. Anatuluka mtima ukumuwawa, komabe mawa lake anabwera. Ankaikonda ntchitoyo, ndiye vuto lake linali limenelo. Ankakonda nthawi ija pamene mutu umasiya kulamula, maso ali pa pepala, zala zikungoyenda zokha.

Lamulungu masana bambo analamula kuti Mzime ayambe kumuphunzitsa mchimwene wake, kuti ku ofesi akakafika asakachite manyazi tsiku loyamba lomwe. Kunyumba kunalibe kompyuta. Chimene chinalipo ndi chidutswa cha thabwa chimene Mzime anatola kushopu kwa bambo, n'kujambulapo mabatani onse ndi pensulo. Pa F ndi pa J anakhomapo timisomali tiwiri kuti zala zizitipeza. Anayala thabwalo pa tebulo, bambo ali pakhonde kunola mpeni wa pulena.

"Ikani zala zonse apa, achimwene. Maso pakhoma. Tayipani 'ofesi'."

Akalaliki anakunga zala zisanu ndi zinayi, n'kutsala ndi chimodzi. Anaweramira pa thabwa, chala chili m'mwamba, chikuzungulira kufunafuna O, kenako chinagwa ngati nkhuku yojompha chimanga.

"Si choncho. Musayang'ane pansi."

"Ndikapanda kuyang'ana ndiona bwanji?"

"Simuona. Zala zimaloweza zokha."

"Zanga zinaloweza chiwongolero." Anaseka, koma ataona nkhope ya mlongo wake kuseka kunazima. Anatsitsa mawu kuti bambo asamve. "Usandiyang'ane choncho, Mzime. Ine pepala limeneli sindinalipemphe. Ukuganiza kuti ndikufuna kukavala tayi?"

"Ndiye kawauzeni bambo. Ali apo."

Akalaliki anayang'ana pazenera. Mpeni unkapita n'kubwera pamwala.

"Amunawa sungawauze kanthu. Komanso amalume akuti ntchito yake ndi yochepa, makalata awiri atatu pa tsiku. Zikandikulira ndizibwera nawo kuno, iwe uzikanditayipira kwinakwake, m'mawa ndizipita nawo."

"Mwakonza kale zonse eti?"

"Nanga nditani?"

Mzime anatenga thabwa lake n'kukalibweza kunsi kwa bedi. Mchimwene wake sanali munthu woipa mtima. Anali munthu amene chinthu chikaikidwa m'manja mwake sangachibweze, ngakhale akudziwa mwini wake.

Mayeso analembedwa Lachitatu la mlungu womaliza. Aphunzitsi anagwira wotchi, mwini sukulu anakhala pakona kuwerenga nyuzipepala. Mzime anatayipa mawu makumi asanu pa mphindi, n'kulakwitsa kawiri kokha. Womutsatira anafika makumi atatu ndi awiri. Aphunzitsi analemba manambalawo m'kaundula, ndipo atafika pa mzere wa Akalaliki dzanja lawo linachedwa pang'ono, kenako linalemba.

Lachisanu linali tsiku la masatifiketi. Makadi ake anali olimba, a m'mphepete mwagolide, osindikizidwa kale, ongosiya mpata wa dzina. Pulinta ya pasukulupo inkawatafuna makadi oterewa, choncho mayina ankalembedwa pa makina akale otayipira, achitsulo, amene aphunzitsi anapatsidwa popuma ntchito. Mabatani ake anali olemera, ndipo zala za aphunzitsi sizikanathanso kuwakhoma. Ndiye chaka ndi chaka ulemu wolemba mayina unkaperekedwa kwa wophunzira amene waposa anzake.

Makolo ena anabwera. Bambo anafika atavala malaya oyera, opanda utuchi, kumbuyo kwawo kuli Akalaliki m'jekete lobwereka la manja aafupi. Amalume anali atanena kuti pepalalo lifike ku ofesi tsiku lomwelo asanaweruke.

Mzime anakhala pa makina. Mwini sukulu, bambo wamimba wa mawu okoma, anatsegula kaundula nayamba kuwerenga mayina mmodzimmodzi. Mzime ankalowetsa khadi, kulilinganiza, kuika zala pamzere wapakati, maso pakhoma. Makina ankalira mofulumira, khadi n'kutuluka, mwini wake n'kulandira anthu akuwomba m'manja. Mayi wina anatsina mnzake nati, "Taonani mwanayu, sakuyang'ana n'komwe." Mzime anaona bambo ake akumva mawuwo, ndipo anaona chifuwa chawo chikutukuka pang'ono. Chimenechi chinamupweteka kuposa mkangano uja.

Makadi khumi ndi limodzi anatuluka opanda banga. Patsala limodzi.

"Lomalizali ndilemba ndekha," anatero aphunzitsi, akusendera pafupi.

"Ndi zala zimenezo, madamu?" anatero mwini sukulu akumwetulira. "Mudzatiwonongera khadi. Mwana apitirize, akuchita bwino."

Anawerenga dzina la Akalaliki mokweza, ngati mmene anawerengera enawo. Ophunzira anayang'anana. Onse ankadziwa amene anakhala nawo pampando milungu yonseyi, koma palibe anatsokomola n'komwe.

Mzime analowetsa khadi. Anaika zala pamalo pake, nadzutsa maso. Kutsogolo kwake kunali bambo ake, atayima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo. Anawayang'ana, iwo namuyang'ana. Makina analira pang'ono chabe, n'kukhala chete.

Mwini sukulu anasolola khadi, natambasula dzanja kuti apereke kwa Akalaliki, kenako anaima. Analiyandikitsa kumaso.

"Ili si dzina limene ndawerenga."

Zikanakoma kunena kuti Mzime anachita dala, kuti analimba mtima pamaso pa anthu. Koma sizinali choncho. Iye anali atagonja kale m'mawa uja akuvala bulauzi. Mutu unamva dzina la mchimwene wake ndipo unavomera. Koma zala zinali zitaphunzitsidwa milungu isanu yathunthu kuti tsamba limene walivutikira limayamba ndi dzina lako, ndipo nkhani za kunyumba sizinkazidziwa. Ataona khadilo m'manja mwa mwini sukulu anadzidzimuka kuposa wina aliyense m'chipindamo.

"Zala sizinama," anatero aphunzitsi chapansipansi, ngati akudziyankhulira okha.

Bambo anayandikira n'kulandira khadilo. Kuwerenga kwawo kunali kwapang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Analiyang'ana nthawi yaitali. Anasisita dzinalo ndi chala chachikulu, monga ankachitira ndi thabwa akamaliza kupala, kuona ngati lasalala. Mzime anayamba kukhala ndi chiyembekezo. Khadi linali litalembedwa kale, chidindo chinalipo, anthu onse anaona. Chimene chinatsala n'chakuti bambo angolipinda n'kuika m'thumba.

"Bambo," anatero Mzime.

"Makadi ena alipo?" bambo anafunsa mwini sukulu.

"Alipo, akulu. Timasunga apadera chifukwa ana amalakwitsa."

Bambo anang'amba khadilo pakati, naphatikiza zidutswazo, nang'ambanso. Anazisunga m'manja posowa poziponya. Akalaliki anali kuyang'ana nsapato zake.

Mwini sukulu anatulutsa khadi latsopano m'kabati, nalipereka. Mzime analilowetsa, nalilinganiza bwinobwino. Anaika zala zonse pamzere wapakati, ndipo anamva zikukokera komwe kuja, ku chilembo choyamba cha dzina lake. Anadziwa kuti akadzutsa maso zibwerezanso, ndipo m'kabatimo makadi analimo ambiri.

Anachotsa manja pa makina. Anakunga zala zisanu ndi zinayi, n'kutsala ndi chimodzi. Kenako anaweramitsa mutu, nayamba kufunafuna chilembo choyamba ndi maso.

A Masokutsogolo anatsegula pakamwa mwachizolowezi, rula ili m'manja. Mawu aja sanatuluke. Anaika rula pa tebulo mwakachetechete, natembenukira kuzenera.

M'chipinda chonse munkangomveka batani limodzi likugwa, kenako chete, kenako lina, mpaka dzina la Akalaliki linatha. Linalembeka bwino, lopanda cholakwika n'chimodzi chomwe.